Munthu Amene Anaswa Chisa cha mu Ekizozi

Panali munthu wina ku Bembeke, kumapiri a Dedza uko, dzina lake Kamtedza. Anali ndi pikapu ya petulo yokhala ndi kanope kumbuyo, chidenga chotseka mbali zonse chokhala ndi mawindo, ndipo ntchito yake inali yonyamula mbatatesi kuchoka m'minda kupita nayo kumsika ku Lilongwe. Sanali mlesi, zimenezo tisamunamizire. Vuto lake linali m'mutu. Ankakhulupirira kuti chinthu chogwira ntchito chimadziwika ndi kutha kwake.

Matayala akasalala ankawasisita mwaulemu, amvekere, "Awa ndiye agwira ntchito." Mabuleki akadyeka ankawayamikira. Iye mwini ankakonda kuonetsa anthu zikhatho zake zong'ambika ndi matumba, n'kumadandaula za msana pagulu kuti aliyense amve mmene akuvutikira. Koma chinthu chimene chakhala zaka osasintha maonekedwe, kwa Kamtedza chinali chongodya malo.

Mkazi wake anali Namaseko. Mayiyu sankasenza matumba, sankagwiranso chiwongolero. Ntchito yake inali ya pakamwa. Alimi a ku Bembeke sankamukonda Kamtedza chifukwa ankalankhula nawo ngati ndi antchito ake, ndipo amayi ogula kumsika ankamuopa chifukwa sankachedwa kupsa mtima. Akanasiyidwa okha anthu amenewa, akanakangana mpaka mbatatesi kumera m'matumba. Namaseko ankangoima pakati. Ankadziwa amene mwana wake akudwala, amene waferedwa, amene sakonda kufulumizidwa. Ankapereka moni, n'kuseka, n'kuponyapo mawu awiri, basi nkhani yatha, matumba akwera. Madzulo ankabwerera kunyumba momwe anachokera, chitenje chosada, nkhope yosakwinyika. Ndiye Kamtedza akamuyang'ana ankati mumtima, uyu amangokwera galimoto.

N'chifukwa chake mpando wakutsogolo sunali wa Namaseko. Unali wa Chimpeni, mnzake wa Kamtedza wa pabawo, munthu wodziwa zonse ndi pakamwa, amene ankapita kutauni tsiku lililonse la msika popanda chokachita. Namaseko ankakhala kumbuyo mu kanope, pamwamba pa matumba.

Ndiye pikapu ija inayamba ulesi. Pachikweza inkakwera mokokera, petulo n'kumatha msanga. Tsiku lina lole yakalekale yodzaza kabichi inawapitirira pachikweza, ndipo dalaivala wake anatulutsa mkono pawindo n'kumukodola Kamtedza ngati akuti bwera ndikukoke. Kamtedza anatukwana chikweza chonse.

"Achimwene, musavutike," anatero Chimpeni. "Galimotoyi yatsekeka kumbuyo. Pansipa, pa ekizozi, pali kabokosi, mkati mwake muli chinthu ngati chisa cha njuchi. N'za azungu zimenezo, za kwawo komweko. Chotsani, galimoto ipume."

Bodza la Chimpenili likuyendabe m'magalaja mpaka lero, ndipo ndi lonyansa. Choncho mvetsani kaye mmene zinthu zilili.

Petulo sayaka yekha. Amayaka ndi mpweya, ndipo ndi wadyera kwabasi: lita imodzi yokha imafuna mpweya wodzaza madiramu oposa makumi anayi. Akaupeza wokwanira amapsa mpaka mapeto n'kutulutsa kutentha kwake konse, ndipo kutentha kumeneko ndiko kumakankha galimoto. Chotsala chimakhala nthunzi ya madzi ndi mpweya wofanana ndi umene ife timatulutsa popuma. Koma mpweya ukaperewera, petulo amapsa mosamaliza. Kaboni wa mu petulo akapsa motero sapereka ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a kutentha kwake. Mphamvu yotsalayo imathawira ku ekizozi itabisala mu mpweya wina wotchedwa kaboni monokisaidi. Mpweya umenewu ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa. Umalowa m'magazi n'kukhala pamalo pa okosijeni, ndipo suchokapo msanga.

Chisa chija opanga magalimoto anachiikapo chifukwa cha mpweya ngati umenewu. Timabowo take ndi topakidwa tizitsulo tosowa kwambiri. Chikatentha, mpweya woipawo ndi okosijeni wotsala mu utsi, zimene pazokha zikanangodutsana osagwirana, zimakumana pamakoma ake n'kumaliza kupsa kumene injini inasiyira panjira. Chisacho sichipsa nawo, sichichepa. Chimangofupikitsa njira kuti zinazo zigwirane msanga. Chinthu chogwira ntchito motero chimatchedwa katalisiti, ndipo ngati sichinawonongedwe, chimatha zaka chikuoneka chimodzimodzi.

Chimene chinkavuta pikapu ya Kamtedza chinali kutsogolo, osati kumbuyo. Sefa ya mpweya inali itatsekeka ndi fumbi la m'misewu ya kuminda. Injini inkabanika, n'chifukwa chake inalibe mphamvu, ndipo utsi wake unali ndi poizoni wochuluka kuposa kale. Kunkangofunika kutsegula boneti.

Koma Kamtedza sanatsegule boneti. Anapita kwa makaniko wina wogwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango m'mphepete mwa msewu, namuuza kuti adule kabokosiko. Makanikoyo anali munthu wodziwa ntchito. Anamvetsera kulira kwa injini, n'kukanda m'mutu.

"Bwana, bwanji tiyang'ane kaye sefa?"

"Ndakufunsa za sefa ine? Galimotoyi ndi yako?"

Makaniko anangolowa pansi pa galimoto. Atadula kabokosi kaja anakapereka kwa mwini wake. Kamtedza anakakweza kuloza kudzuwa n'kusuzumira. Kuwala kunkadutsa m'timabowo tonse, mbee, palibe ngakhale kamodzi kotsekeka. Munthu wanzeru akanaima pomwepo n'kunena kuti, ayi, apa sipali vuto. Koma Kamtedza anaona zina. Anaona chinthu choyera, chathunthu, chosadyeka pena paliponse, ndipo magazi anamukwera kumutu.

"Taonani! Zaka zonsezi ine ndikutha, matayala akutha, petulo akutha, ichi chili phee ngati chagulidwa dzulo. Chikugwira ntchito yanji chimenechi? Ndakhala ndikuchinyamula ulere!"

Anatenga mpini wa jeke, n'kuika kabokosi pamwala, n'kuyamba kusinja. Chisa chinasweka ngati mbale yadothi. Anasinja mpaka thukuta kutuluka, akukhuthula zidutswa pafumbi n'kumazipondaponda ndi nsapato, Chimpeni ali pambali kumuchemerera. Atamaliza anapukuta kumaso, mtima wake uli mbee, ngati wathamangitsa wakuba.

Tsono pobwezeretsa kabokosi kopanda kanthuko panabuka china. Paipi yopita kumbuyo inali itadyeka dzimbiri, ndipo moto wowotcherera utangoikhudza inayoyoka. Makaniko anati pakufunika paipi yatsopano. Kamtedza anati alibe nthawi, mbatatesi ikudikira, angowotcherera kachidutswa kamene kalipo. Kachidutswako kanali kafupi. Kanathera pansi penipeni pa kanope, pamene pansi pa pikapu panali patabooka ndi dzimbiri.

Makaniko uja ali chagada pansi pa galimoto anawaona mabowowo. Ankadziwanso kuti pamwamba pake pamakhala mayi, chifukwa ankamuona akudutsa pamsewu tsiku lililonse la msika, ndipo mayiyo ankamubayibitsa. Anayang'ana mabowo, anayang'ana kumene kwathera paipi, anakumbukira mmene anakalipiridwira chifukwa cha sefa. Kenako anatuluka, n'kukutumula fumbi pa ovolosi, n'kunena kuti, "Yatheka, bwana."

Kuyambira tsiku limenelo pikapu ya Kamtedza inkabangula. Inkamveka isanaoneke, agalu n'kumathawira m'tchire. Pachikweza inkakwerabe mokokera momwe muja, koma phokoso linamugonthetsa Kamtedza nzeru. Ankaponda mafuta, galimoto n'kukuwa, iye n'kumati ikuthamanga. Chimpeni naye ankavomereza, nanga akanatsutsa bwanji nzeru zake zomwe?

Namaseko anayamba kudwala mutu. Akatsika kumsika ankayenda mopepesuka, m'mimba mukuchita nseru, ndipo pankapita kanthawi asanayambe kuseka ndi anthu monga mwa masiku onse. Akakhala panja mpweya n'kumuomba, mutu unkasiya. Akakweranso, unkayambiranso. Kamtedza anati ndi malungo, n'kumugulira mapiritsi pa okala. Mapiritsi sanathandize.

Tsiku lina akupakira matumba, mayiyu analimba mtima.

"Abambo, ndikhaleko kutsogolo lero. Kumbuyoku kukundidwalitsa. Chiyambire mwakonzetsa galimotoyi sindikupeza bwino."

"Iwe ukudwala chiyani, munthu wongokhala pamatumba? Ine ndikuyendetsa, ndikusenza, sindinadandaulepo mutu. Ndiye ndimutsitse Chimpeni, mwamuna mnzanga, anthu aziti chiyani?"

Namaseko sanali munthu wokangana pamaso pa alimi. Anakwera kumbuyo.

Unali mwezi wa Juni, ndipo amene anakhalako ku Dedza akudziwa kuzizira kwake. M'mawa umenewo chifunga chinali chitakuta mapiri, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Namaseko anatseka mawindo onse a kanope. Mipata imene inkalowetsa mphepo anaitseka ndi masaka opanda kanthu, n'kudzifunditsa bulangete. Anachita zimene munthu aliyense wozizidwa akanachita. Sankadziwa kuti mphepo imene ankaitsekerayo ndi imene inkamupulumutsa masiku onse aja.

Panjira anapeza mlatho ukukonzedwa. Magalimoto ankadutsa mbali imodzi mosinthana, ndipo mzere unali wautali. Madalaivala ena anazimitsa injini. Kamtedza sanazimitse, chifukwa batire yake inali yofooka ndipo sankafuna manyazi okankhitsa galimoto pamaso pa anzake. Anaisiya ikulira, nthawi ndi nthawi n'kumaponda mafuta kuti isazime. Galimoto ikamayenda, mphepo imakokako utsi wina. Itaima, utsi unkangounjikana pansi, n'kumakwera m'mabowo muja.

Werengerani nokha. Madiramu onse aja a mpweya amene injini imameza pa lita imodzi amatulukanso kumbuyo. Mu utsi wa injini yobanika yopanda chisa, poizoni amatha kupitirira gawo limodzi mwa magawo zana. Munthu akapuma mpweya umene poizoni wake ndi gawo limodzi lokha mwa magawo chikwi, ola limodzi ndi lokwanira kumuika pangozi. Ndipo kanope yodzaza matumba simutsala malo ambiri a mpweya.

Ali chidikirire, Kamtedza anamva kugogoda pagalasi la kumbuyo kwa mutu wake. Kunali kugogoda kofooka. Anamva ndithu, asadzanamize munthu kuti wailesi inasokosa kapena ekizozi inamugonthetsa m'khutu. Anamva, ndipo sanacheuke.

"Alamu akugogoda," anatero Chimpeni.

"Asiyeni. Ndi za mutu zomwe zija. Akufuna ndiwatsegulire, mzere ukayenda ndiluze malo."

Kugogoda kunamvekanso, kenako kunasiya. Kamtedza anasangalala kuti mkazi wake wamva mwambo. Mzere utayenda anaponda mafuta, ndipo anayenda ulendo wonse wotsalawo akukamba za bawo.

Kumsika amayi ogula anathamangira pikapu monga mwa nthawi zonse, akuitana, "ANamaseko, mwatisungira yaikuluikulu?" Kumbuyo kunali zii. Kamtedza anatsika akung'ung'udza kuti munthu wagona pantchito, n'kutsegula chitseko cha kanope mwamphamvu kuti amudzidzimutse.

Namaseko anali atagwera pakati pa matumba, nkhope pansi, atasanza pabulangete. Dzanja lake limodzi linali lidakali pafupi ndi galasi. Kamtedza anamuitana, anamugwedeza, anamukalipira kuti adzuke. Mutu unangolendewera.

Amene anachitapo kanthu ndi amayi aja. Anamukankhira Kamtedza kumbali, n'kumutulutsa mnzawo panja, n'kumugoneka cham'mbali pachitenje. Wina anaimitsa galimoto ya munthu wodutsa. Palibe amene anaganiza zomukwezanso mu pikapu ija. Mayi wina wachikulire, amene kwa zaka zambiri sankayerekeza kumuyang'ana Kamtedza m'maso, anamuloza chala pamphuno.

"Mayiyu wakhala akutiuza za mutu, ndipo anati inunso anakuuzani. Mumamva ngati nyimbo? Akafa ameneyu, musadzaponde pamsika pano."

Chimpeni panthawiyi anali atasowa m'chigulu cha anthu.

Kuchipatala anamuika pa okosijeni. Dokotala anafunsa kumene mayiyo anakhala ndi mmene galimoto ilili, ndipo Kamtedza anafotokoza zonse, ngakhale za chisa, akuyembekezerabe kuti wina amuuze kuti zimenezo sizikugwirizana. Dokotala anati, "Bambo, mwawapumitsa poizoni akazi anu." Kamtedza anakhala pansi pakhonde la chipatala, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anasowa woti amukalipire.

Namaseko sanafe. Anatsitsimuka, anamwa phala, anatuluka m'chipatala akuyenda yekha. Kamtedza anakhazika mtima pansi, n'kumati zatha bwino. Koma poizoni ameneyu ali ndi nkhanza ina: ubongo umene wasowa okosijeni nthawi yaitali umatha kuoneka ngati wachira, kenako patapita masabata n'kuyamba kuzima pang'onopang'ono. Namaseko anayamba kuiwala pamene waika mpeni. Kenako anaiwala kuti wathira kale mchere. Tsiku lina mchemwali wake anabwera kudzamuona, ndipo iye anamulandira mwaulemu wonse n'kumufunsa kuti akuchokera kuti.

Kamtedza anayesa kuyenda yekha. Kumunda woyamba anakangana ndi mlimi asanatsitse n'komwe sikelo. Kumunda wachiwiri anapeza mbatatesi atalonjeza kale munthu wina. Kumsika amayi aja ankamuyang'ana n'kutembenukira kwina. Sanamvetse msanga. Galimoto inali yomweyo, msewu womwewo, mbatatesi yomweyo, iyenso ankatha mphamvu monga kale, koma palibe chimene chinkagwirana. Anakhala mu pikapu yodzaza matumba osagulidwa, dzuwa likuswa mtengo, ndipo m'pamene anaona ntchito imene mkazi wake ankagwira. Anaiona itasowa.

Masiku ano Kamtedza sapitanso kutali. Amakhala pakhomo, chifukwa Namaseko sangasiyidwe yekha pafupi ndi moto. Amamusambitsa m'manja, amamupesa tsitsi ndi zala zake zokhakhala zija. Mayiyo amakhala pamphasa pakhonde, wodekha, akuyang'ana kumsewu. Sakwiya, samuimba mlandu, ndipo zimenezo n'zimene zimamupweteka kwambiri mwamunayo, chifukwa akanakonda atatukwanidwa. Maganizo a mayiyo anatsalira paulendo uja. Pakapita kanthawi amatembenuka n'kumugwira mkono.

"Abambo, tafika?"

"Tafika, Namaseko. Tili kunyumba."

Amagwedeza mutu, n'kumwetulira, n'kuyang'ananso kumsewu. Posakhalitsa amamugwiranso mkono.

"Abambo, tafika?"

Ndipo Kamtedza amayankha, tsiku lonse, tsiku lililonse.

Tsono inu amene mukuphunzira umakaniko, musaseke Kamtedza, chifukwa akubwera kugalaja kwanu, ndipo mwina ena mwa inu ndinu a Kamtedza kunyumba kwanu. Chinthu chisakupusitseni chifukwa sichikudyeka. Musanachimenye ndi chitsulo, dzifunseni kuti chikuletsa choipa chanji, ndipo chikulumikiza zinthu ziti zimene pazokha sizikanagwirana. Funso lomwelo mukafunsenso za munthu amene mumati amangokhala.

Koma mkwiyo waukulu ukupita kwa makaniko uja. Kamtedza anali wosadziwa, Chimpeni anali wabodza, koma iye ankadziwa. Anaona mabowo, ankamudziwa wokhala pamwamba pake, n'kusankha kusunga kasitomala. Mpaka lero akuwotcherera pansi pa mango paja, ndipo amagona tulo. Inu mukadzaona zotere, ikani zipangizo pansi, mutsegule pakamwa, mukane ntchitoyo. Bwana akalipe mmene angathere, adzatopa. Wokhala kumbuyo kwa galimoto sakudziwani n'komwe, koma mpweya umene adzapume wadutsa m'manja mwanu.